Mbuzi ya Mayi Esme Inali ndi Nambala ya Foni

Pa Likoma ponse panalibe wosadziwa kuti Mayi Esme sankayamikira chinthu asanayese kuchithyola. Mukawagulitsa loko, ankamutseka pomwepo inu mukuona, n'kutola mwala, n'kuyamba kumusinja ngati chinangwa chouma. Akatseguka, tsoka lanu: msika wonse wa Chipyela unkamva dzina lanu, la bambo anu ndi la mudzi umene unalephera kukulerani. Akapanda kutseguka, mayiwo ankangoti, "Ee," n'kumugula ali wopunduka choncho, nkhope ili ndwii ngati mwawalakwira.

Mkulu wina anatsika sitima ndi majekete oyandamitsa, akulengeza kuti ngakhale ng'ombe ingayandame nawo. Mayi Esme anamuveka limodzi, anamumanga zingwe bwinobwino ngati mwana wopita kusukulu, kenako anamukankhira m'madzi padoko pomwepo. Asodzi atamuvuula akulavula madzi, mayiwo anawerama n'kumufunsa kuti, "Kodi iwe ndi ng'ombe, wolemera ndani?"

Ukali umenewu anabwera nawo kuchokera ku Bulawayo, kumene malemu amuna awo, a Frederick, ankagwira ntchito kunjanji, iwo akulumikiza mafoni pahotela ina. "Ine ndinkakhala pakati pa mawaya," ankatero. "Bwana akuuza mkazi wake kuti ali kumsonkhano, ine ndikumva. Akuuza winayo nambala ya chipinda, ine ndikumva. Aliyense ankayesa kuti alipo awiri. Pawaya pamakhala wachitatu, ndipo wachitatuyo sakhosomola."

Amene anasenza mtanda wa ukali umenewu anali mwana wawo Mclean, bambo wofatsa amene ali ndi kashopu kokonza ndi kutchaja mafoni ku Chipyela. Iyeyu anatsegula gulu la pafoni lotchedwa Za Kwathu, lomwe munadzaza anthu a pachilumba, a ku Joni, a ku Harare ndi a m'matauni a kumtunda. Koma anthu sankabwerera Mclean. Ankabwerera mauthenga a mawu a mayi ake, onena za sitima, za maliro, za mtengo wa usipa, ndi za yemwe akugulitsa petulo wothira madzi. Mayi Esme akati chinthu ndi chabwino, anthu ankagula osafunsanso, poti ankadziwa kuti chinthucho chadutsa pamoto.

Amalonda nawonso anadziwa zimenezi. Tsiku lina Mclean analandira uthenga kuchokera kwa bambo wina dzina lake Dean, wa kampani yogulitsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Tsekani. Ankati ukaiika mufoni, palibe angaone zimene ukuwerenga kapena kufufuza pa intaneti. Ntchito ya Mclean inali yongoika linki m'gulu muja. Aliyense wolembetsa kudzera pamenepo, iye azilandira kangachepe. Denga la shopu linali likudontha, mkazi wake Cathy anali woyembekezera. Mclean anaona ngati Mulungu wayankha kudzera pa netiweki.

"Muimbire," anatero mayi ake. "Ndimve mawu ake."

Dean anayankha ndi mawu osalala ngati batala. "Mayi, pulogalamu yathu ili ndi loko wamphamvu ngati wa asilikali."

"Asilikali a dziko liti?"

"Ndi kanenedwe chabe, mayi. Tikutanthauza kuti ndi wolimba."

"Ndiye nenani kuti wolimba. Asilikali mwawadzutsiranji? Makiyi ake amasunga ndani?"

"Palibe amene amaona zimene mukuchita. Ngakhale ifeyo sitisunga kanthu."

"Wanena ndani?"

"Zalembedwa patsamba lathu."

"Walemba ndani?"

"Ifeyo, mayi."

"Ehe! Ng'ona yalemba kuti sidya nsomba, n'kusaina yokha! Ndani wakunja analowa m'nyumba mwanumo n'kuyang'ana pansi pa bedi?"

Dean anati akatswiri anawayeza, ndipo anatumiza chithunzi cha chidindo chonyezimira ngati golide. Mayi Esme anafuna lipoti la akatswiriwo; anatumiza chidindo chomwecho, koma chachikulupo. Anafuna dzina la mwini kampani; foni inayamba kuduladula. Mclean anafufuza dzina la akatswiri aja, mayi ake atamuimirira pamsana, koma silinapezeke paliponse. Adiresi ya kampani inali ya ku Joni, choncho mayiwo anatuma mdzukulu wawo Nomsa, amene amakhala komweko, kuti akaone ndi maso. Nomsa anapeza malo otsukira magalimoto.

"Mwina anasamuka, amayi," anatero Mclean.

"Iwenso usamuka pompano ukapitiriza kuyankhula zopusa."

Apa m'pamene Mclean analakwa. Mayi ake atapita ku Mbungo kukapepesa maliro, mvula inagwa n'kunyowetsa mafoni a anthu m'shopu. Iye anayang'ana denga, anayang'ana foni yake, kenako anaika linki ija m'gulu, n'kulemba pamwamba pake kuti, "Mayi Esme akuti iyi ndi yodalirika." Ankadziwa kuti mayiwo maso anafooka, zolembedwa sawerenga, amangomvera mawu. Anadzilimbitsa mtima kuti mawa ndi mawa chinthucho adzachivomereza basi, iye wangofulumiza pang'ono.

Mayi Esme anabwerako ndi maganizo ena. Anauza Mclean kuti atenge foni yakale m'kabati, aikemo nambala yatsopano imene sinaperekedwe kwa munthu, aikemonso Tsekani. Pofika polemba dzina, anati, "Lemba Sajeni."

"Sajeni mbuzi yathu?"

"Ukudziwa Sajeni wina? Nambala iyi akuidziwa ndi Tsekani yekha. Wina akaimba kufuna Sajeni, tidziwa amene wagulitsa."

Sabata isanathe, foni ija inalira m'shopu, anthu ali thithithi kudikira mafoni awo. Mayi Esme anaikweza mawu kuti onse amve.

"Ndikuyankhula ndi a Sajeni?" anafunsa mtsikana waulemu. "Tili ndi ngongole yapadera ya inuyo, bwana."

"Dikirani, ali panja akudya katoni."

Mayi Esme anatuluka, anakoka mbuzi ndi chingwe mpaka pakauntala, n'kuiika foni pakamwa. Sajeni, mbuzi yaikazi yamwano ngati mwini wake, inalira kamodzi mwamphamvu.

"Mwamva? Akuti afunsa kaye amuna awo."

Shopu inagwa ndi phwete. Mmodzi yekha amene sanaseke anali Mclean, poti ankadziwa kuchuluka kwa anthu amene anali atalembetsa kale.

Phwetelo lisanathe, analowa Annette wa ku Khuyu, mayi wachitsikana wokwatiwa ndi msodzi, maso ali psuu. Anadikira kuti anthu achepe, kenako anagwada pafupi ndi Mayi Esme n'kuyankhula motsitsa. Pabanja pake mwana anali asanabwere, ndipo ankawerenga mwakachetechete pafoni za vuto limeneli, osafuna kuti wina adziwe. Ataika Tsekani analimba mtima n'kumafufuza momasuka. Tsopano mauthenga ayamba kubwera, omutchula dzina, omutsatsa mankhwala a amayi osabereka. Umodzi unalowa foni ili m'manja mwa apongozi ake. Pofika madzulo, Khuyu yense anali atamva, ndipo apongoziwo anali atayamba kale kutchula mayina a atsikana ena oti mwana wawo angakwatire.

"Ndinaika chifukwa munanena ndinu, amayi," anatero Annette. "Mukanakhala wina sindikanaika."

"Ndinanena ine?"

Annette anawawerengera mawu aja a m'gulu.

Mclean anakula akumva mayi ake akukuwa, ndipo kukuwako anakuzolowera ngati mafunde. Chimene anali asanamvepo ndi mayi ake ali chete. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Tseka shopu. Vala nsapato."

Asananyamuke anajambula uthenga umene anthu a ku Joni akuti unang'amba masipika. "Ndine Esme. Chinthu chotchedwa Tsekani chija ndi dengu lobooka. Sindinachivomereze ine. Mwana wanga Mclean, amene ndinamubereka ndekha popanda wondikakamiza, anaba dzina langa n'kukugulitsani nalo ngati usipa. Koma dzinalo ndi langa, ndiye mlandu ndi wanganso. Chotsani chinthucho! Wosadziwa kuchotsa akhale pakhonde, tikubwera."

Ndipo anabweradi. Mudzi ndi mudzi, wapansi, dzuwa likuswa mtengo, Mclean patsogolo, mayi ake pambuyo ndi ambulera yopinda imene sinali ya dzuwa. Pakhomo lililonse Mclean ankagwada, kuchotsa pulogalamu, kupepesa, n'kufotokoza zimene anachita. Akafupikitsa nkhani, ambulera inkamukumbutsa pamsana. Agogo ena a ku Mbungo amene analibe n'komwe foni anamuuza kuti apepesebe, poti wafika kale.

Ku Khuyu anapitako pomaliza, ndipo panali chifukwa. Masiku onsewo Mayi Esme ankauza Mclean kuti azifufuza za kusabereka pafoni ya Sajeni, Tsekani ili momwemo. Mauthenga a mankhwala aja atayamba kugwa, anamanga mbuzi chingwe, ulendo kwa apongozi a Annette.

Anapeza apongoziwo ndi amayi ena angapo akusenda chinangwa pabwalo. Mayi Esme sanadikire mpando.

"Mayi, ndamva kuti mumawerenga mafoni a eni ake. Werenganinso iyi. Mokweza."

Apongoziwo anawerenga mojejema: "Okondedwa a Sajeni, kodi mukuvutika kupeza mphatso ya mwana?"

"Sajeni ndi uyu," anatero Mayi Esme, akukoka chingwe. "Amabereka mapasa chaka ndi chaka, ana ake adya minda ya theka la chilumba chino. Nayenso akuti ndi wosabereka. Ndiye inu, munthu wamkulu, wa m'bungwe la amayi kutchalitchi, mukufuna kupasula banja la mwana wanu chifukwa cha akuba amene sasiyanitsa munthu ndi mbuzi? Manyazi mulibe? Kapena nanunso ndikulembetseni, tione matenda amene akupezereni?"

Amayi aja anaseka mpaka mipeni kugwa. Nkhani ya mkazi wachiwiri inafera pomwepo. Mclean, amene ankadziwa mmene mauthenga a mbuzi anabwerera, anatseka pakamwa. Pobwerera, mayi ake anamuuza osamuyang'ana kuti, "Zimene Annette amawerenga ndi zake. Ukadzauza munthu, ngakhale Cathy, ndidzakudzukira m'manda."

Kuyambira pamenepo makampani a mapulogalamu oterewa ankabwerabe, ndipo ambiri ankathawa funso lachiwiri lisanathe. Imodzi yokha inapirira. Inatumiza lipoti lenileni la oiyeza, lokhala ndi mayina a anthu oti ungawapeze, ndipo Mclean analiwerenga lonse mokweza, kumasulira mawu ndi mawu, mpaka mawu ake anasasa. Inanena mwini wake ndi dziko limene ili. Inavomera kuti pali zina zimene singabise. Nambala ina yatsopano imene anailembetsa poiyesa inakhala miyezi osalira. Apo m'pamene Mayi Esme anajambula uthenga: "Iyi siyoipa kwenikweni. Mukalembetsa, Mclean alandirapo kanthu, dziwani zimenezo. Ndipo siyibisa foni yanu kwa apongozi anu. Zimenezo ndi za inu ndi thumba lanu." A kampaniyo anadandaula kuti sanatsatsidwepo mwachipongwe chotero. Mayiwo anawayankha kuti abwana a Frederick ku Bulawayo sanamvepo mawu okoma ngati amenewo.

Mayi Esme anadwala m'dzinja lapitali. Ali kuchipatala anakangana ndi anamwino za mapilitsi, anakangana ndi abusa za kutalika kwa pemphero, ndipo anaitanitsa kalipentala Cyril kuti amulangize za bokosi. "Misomali yako ndimaidziwa," anamuuza. "Ndikagwera pansi anthu akuimba, udzaona." Cyril anakhoma bokosilo ngati akukhoma bwato, misozi ikugwera pathabwa. Kwa Mclean sananene zambiri. Anamugwira dzanja, n'kuliyang'ana, n'kunena kuti, "Denga lija ukonze. Koma malata ukagule wekha, usatume." Mclean anadikira mawu ena, koma mayiwo anali atagona, ndipo sanadzukenso.

Mpaka pano Mclean amawakwiyirabe chifukwa cha zimenezo. Amati munthu amene ankatha kulalatira msika wonse osapuma akanatha kumusiyira mawu oposa malata. Mauthenga a makampani akabwera, amawawerenga yekha m'shopu, amafunsa mafunso, amadikira, ndipo ambiri amawakana. Koma akakana, palibe woti akangane naye pambuyo pake, ndipo tiyi amazizira osamwedwa.

Chipyela tsopano ndi malo aulemu. Anthu amagula ndi kugulitsa motsitsa mawu, palibe amene amachititsidwa manyazi, ndipo ulemu wakewo ndi wotopetsa. Mwezi wathawu anatsika sitima mnyamata wa tayi ndi nyali za dzuwa, akuti zimawala mpaka zidzukulu. Anthu anayang'anana, aliyense kudikira kuti wina ayambe kufunsa. Palibe anayamba. Anagula, sitima inapita, ndipo Lamulungu lisanafike nyali zonse zinali zitazima. Anazibweretsa kwa Mclean kuti aone ngati zingakonzeke, n'kuziunjika pakauntala. Mdala wina wa ku Mbungo anaika yake pamwamba pa muluwo, anapukuta manja m'malaya, n'kunena kuti, "Atipeza tili amasiye."