Geti la Esinati

Lolemba

Mwana wanga Tisa walowa m'nyumba mwanga osagogoda! Iye ali ku Kitwe, ine ku Kabwata, koma kamuvi pakompyuta kakuyenda kokha ngati nyerere. Akuti ndiyo ntchito yake, kulowa m'makina a anthu iye ali kutali. Zaka makumi atatu ndili mlonda ku Kabulonga, wolowa chotero tinkamumasulira agalu.

Nkhani ndi iyi. Tisa wabereka mwana wamkazi. Loweruka n'lotchula dzina, ndipo akuchimuna, a kwa Chanda, andipatsa ulemu woti nditchule ine. Koma ine sinditcha dzina nkhope yosaiona. Ulendo wa basi miyendo yakana. Kafoni kanga n'kamabatani. Yatsala kompyuta ya malemu amake, Esinati, koma diso lake, kamera, lafa. Tisa akuti alidzutsa.

Kamuvi kayenda, kayenda. Mwadzidzidzi galasi lada, patuluka kabokosi. Tisa pafoni: "Atate, kuno kwafipa, sinikuona chilichonse. Tinikani Yesi."

Yesi wa chiyani? Akuti makina akupempha chilolezo, ndipo akafika pamenepo wakutali amamutseka maso, ayankhe amene ali pafupi. Eya! Ndiye kuti ndi geti. Ndadina No.

Pakabokosipo pali dzina la Esinati, pansi pake kampata koyera. Tisa sanandifunse.

Lachiwiri

Sukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaziphunzira m'buku la pageti, lomweli ndikulembamoli, masamba anatsala. Malamulo anga sanasinthe:

Ndani?
Wachokera kuti?
Akufuna chiyani?
Aonetse nkhope.

Kabokosi sikayankha ngakhale limodzi. Tisa akuti ndimuwerengere zolembedwazo. N'Chizungu. Ndikutchula chilembo chimodzichimodzi, D, O, Y, O, U. Ndisanafike pakati kabokosi kazimiririka kokha. Kalibe mwambo! Mlendo weniweni amadikira.

Katatu konse. Kachinayi mwana walira, Tisa wadula. Msana ukuwawa. Mpando uwu unali wa Esinati, ndi waufupi.

Lachitatu

Nzeru. Ndakopera zilembo m'buku pang'onopang'ono, kabokosi kakathawa Tisa akukaitananso. Pofika masana mzere wonse wapamwamba uli m'manja mwanga. Ndamuwerengera. Akuti tanthauzo lake: kodi mukulola kuti chinthu ichi chisinthe za m'makina anu?

Kusintha!

Zaka ziwiri kapu ya Esinati ili pomwe anaisiya. Chitenje chake cha chigwirizano chili pamsomali womwewo. Lero ndivomere mlendo wopanda nkhope asinthe za m'kati?

"Atate, mulendo uyo ndine! Ndine nifuna kungena!"

Onse amatero pageti. No.

Lachinayi

Tisa watopa, mawu achita kusasa. Sanakangane nane. Wangoika foni pakamwa pa mwana. Kupuma kwake ndakumva, kenaka kantchisi... ayi, kuyetsemula, kamodzi, kakang'ono.

Chabwino. Ndavala magalasi. Ndadina Yesi, ndi chala changa, mwa kufuna kwanga.

Makina akana!

Ndadinanso. Akananso, ndi zilembo zofiira. Ine amene ndinabweza nduna pageti chifukwa bwana anali m'bafa, lero ndabwezedwa m'nyumba mwanga!

Tisa wafunsa: "Atate, pali kampata kolembamo? Pali dzina?"

Lilipo. Kuyambira Lolemba.

Ndamva akuuza mwamuna wake, "Ba Chanda, nigwilileni mwana."

Akuti makinawa ali ndi mwini wake, adiminisitireta, ndipo mwiniyo ndi amake. Popanda mawu achinsinsi a Esinati m'kampatako, Yesi wanga ndi mphepo. Ine anandilembetsa ngati wongogwiritsa. Mlendo! Zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati, nyumba ili m'dzina langa, koma makiyi mayi anapita nawo.

Lachisanu

Tayesa, Tisa akutchula, ine ndikusaka zilembo:

Dzina langa. Lakana. Zandiwawa.
Dzina la Tisa.
Katete, kwathu.
Nambala ya nyimbo yomwe ankaikonda.
Dzina langa ndi zilembo zazikulu. Lakananso.

Tisa wakumbuka. Makinawa amake anawakonza ndi Bana Mulenga a ku Kaunda Square, mnzawo wa chigwirizano, polemba makalata a amayi.

Bana Mulenga! Patatha sabata tiikire maliro anabwera, n'kumenya geti langa ndi mwala, gwa gwa gwa, ngati wogulitsa makala. Popanda odi. Ankafuula, "Ba mudala, nili na mau ya ba Esinati!" Ndinati mawu abwere ndi ulemu. Sindinatsegule. Sanabwerenso.

Kani mawu ake anali amenewa.

Tisa wawaimbira. Yankho lawo: "Pa foni sinikamba. Baniitane beka ba mudala, na geti banisegulile beka."

Ndiitane ine? Anamenya geti ndi iwo. Tisa akuti ndiye pitani kwa aneba muone mwana pafoni yawo yaikulu. Ndikaonere mdzukulu wanga pakhonde la eni, ana awo akundisuzumira? Iyayi.

Loweruka

Ndasamba. Jekete, tayi, nsapato zopolisha. Ndakhala kutsogolo kwa makina, mwina angachite manyazi. Kabokosi katuluka. Dzina la Esinati likundiyang'ana, ine ndikuliyang'ana. Kazimiririka.

Foni. Ku Kitwe anthu adzaza, ndikumva nthungululu ndi mbale. Ba Chanda mwaulemu: "Batata, bonse tilindila imwe. Ngati sizitheka, banakulu kuno bali nalo dzina."

Agogo a kwa Chanda dzina alikonza kale, kani!

Ndayang'ana galasi. Lakuda, mukuoneka nkhope yanga yokha ndi tayi wopindika. Ndafunsa Tisa: makutu ake ndi otani? Akuti aang'ono. Akalira amaleka msanga? "Awe, Atate, saleka mpaka mwamupasa vamene afuna."

Basi, ndamudziwa. Ndati Esinati.

Nthungululu. Tisa akulira. Ine ndadula, batire lingathe.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Miyendo.

Zaka makumi atatu sindinalowetse munthu wosamuona nkhope. Dzulo ndalowetsa. Dzina lapita, silibwerera. Ngati mwana wafanana ndi a kwa Chanda, ndiye kuti ndaveka Esinati mphuno ya eni, ndipo ndine ndekha m'banja lonse amene sindikudziwa.

Kompyuta ndaifunditsa nsalu. Tisa akuti salowanso mpaka mawu apezeke, ali ndi mwana mmodzi wolera, awiri sangathe.

Ndaimba ku Kaunda Square. Yalira kasanu, osayankha. Akudziwa kuti ndine. Kuimba ndaimba, zilembedwe. Geti ndatsegula ndekha kuyambira m'mawa, nkhuku za aneba zalowa, zatha ndiwo zanga za rape.

Bana Mulenga, ndikudziwa kuti Tisa akuuzani zonsezi. Kwerani basi mawa, mubwere ndi mawu a mkazi wanga. Mwala wanu ndakuikirani pageti, kudzanja lamanja. Menyani mmene mufunira.