A Sosten ndi Ulendo Wawo wa ku Oregon

Ku Silver Spring, m'chigawo cha Maryland ku America, kunalibe Mmalawi amene sankadziwa kuti a Sosten akusamukira kumadzulo. Ankasamuka chaka chilichonse, koma ndi pakamwa. Ukawapatsa moni pa siteshoni ya sitima za Metro, ankakugwira paphewa n'kukuuza kuti uwayang'anitsitse, chifukwa chilimwe chikubwerachi udzangomva kuti anthu ali ku Oregon. Akazi awo, mayi Esnat, anamva mawu amenewa kuyambira mwana wawo Tiffany akukwawa mpaka atayamba kubwereka nsapato za mayi ake.

Matendawa anawatenga kuntchito. A Sosten anabwera ku America ngati dalaivala wa ku embase, ndipo ntchitoyo itatha anayamba kuyendetsa galimoto ya panyumba ina yosungira okalamba ku Bethesda. Kumeneko kunali nkhalamba ina yachizungu imene ana ake anatopa nayo kalekale, ndiye itapeza munthu womvetsera inakhuthula zonse. Inkati makolo ake ananyamuka kum'mawa kuno pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, miyezi ndi miyezi ali m'chipululu, kuwoloka mitsinje, kuika maliro a ana m'mbali mwa njira, mpaka anakafika kumene munthu ankangoloza ndi chala kuti munda wanga uyambire apa ukathere paphiri ilo.

A Sosten anali Mngoni wa ku Ntcheu, wokulira pa ngolo, choncho nkhaniyi inawalowa m'magazi. Anafika kunyumba akunena kuti azungu amenewo anali Angoni enieni, kungosiyana khungu: ng'ombe zomwezo, ulendo womwewo, osacheukanso m'mbuyo.

Mayi Esnat, Mchewa wa ku Dedza, anali atangoweruka kumene kosamalira odwala, mapazi atatupa. Anafunsa ngati kumene ankaloza ndi chalako kunalibe eni ake. A Sosten anavomera kuti analipo, koma nkhalamba ija sinkakonda kukhalitsa pamenepo.

"Ndiye mukafunse agogo anga amene ankagona m'mapanga kuthawa Angoni anuwo," anatero mayi Esnat. "Iwo ndi amene angakuuzeni kukoma kwa ulendo."

A Sosten anaiganizira nkhaniyi masiku angapo. Kenako analengeza kuti iwo adzakhala wapaulendo waulemu: akakafika adzayamba aodira, n'kupempha malo kwa eni nthaka monga amachitira munthu woleredwa.

Anagula chipewa chotambalala ngati lichero, chimene zitseko za sitima zinkachipana pafupipafupi, ndi jombo zosongoka zimene zinawagwetsa chagada pa sinowo kutsogolo kwa tchalitchi, amayi a chigwirizano akuona. Loweruka lina anaganiza zoyeserera moyo wa m'njira. Anasonkha moto poimika magalimoto pa mdadada wawo n'kutereka nyemba. Ozimitsa moto anafika ndi magalimoto awiri, kulira konseko, ndipo a Sosten anawalandira ngati alendo a paukwati n'kuwafunsa ngati adya kale. Mayi Esnat anaonera zonsezi pawindo, katani atalisiya kampata kakang'ono, akupemphera kuti wina asafunse kuti bamboyo ndi wa khomo liti.

Amene anawaputa kwenikweni anali mnzawo wapamtima, a Rex a ku Lusaka. Paphwando lina a Rex ananena mokweza kuti kumadzulo kwakutali kumene a Sosten anafikako ndi ku Annandale, poteropo, kukagula nyama ya mbuzi.

"Imwe ba Sosten, muzayenda liti kansi? Tifuna tione fumbi chabe."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Sosten sanaseke. M'chilimwe cha 1996 anagula chigalimoto chachitali chakalekale, anasiya ntchito, n'kuuza akazi awo kuti nawonso akatsanzike kuntchito kwawo. Apa mayi Esnat mtima unawaima. Ntchito yawo ndi imene inkalipira nyumba, Tiffany anali pasukulu yabwino, ndipo ku Oregon sankadziwako ngakhale galu. Koma ankadziwanso kuti akakana, amuna awo adzakhala choseketsa cha Silver Spring mpaka kumanda. Anamvetsera mmene chigalimotocho chinkatsokomolera, n'kuvomera.

Mpingo unawachitira mwambo wotsanzikana. Abusa anapempherera matayala onse, amayi analira, ndipo a Rex anapatsidwa sofa. Pamwamba pa galimoto anamangapo matiresi, thumba la ufa, ndi khasu limene a Sosten anabwera nalo kuchokera kumudzi.

Anayenda bwino mpaka kupitirira tauni ya Cumberland. Pachitunda china chachitali galimoto ija inafuka utsi, inanjenjemera, n'kuzima, adakali m'Maryland momwemo. Ng'ombe za pafamu ina zinabwera kumpanda kudzaonerera. Tiffany anafunsa m'Chingerezi ngati Oregon ndi yomweyi.

Mayi Esnat anali atakonza kale mawu owathira amuna awo, mawu amene anawanola kwa zaka. Koma a Sosten sanatsegule n'komwe kutsogolo kwa galimoto. Anamasula khasu lija, anatsikira m'mbali mwa msewu, anagaula kawiri katatu, n'kutapa dothi kulinunkhiza. Anaima choncho nthawi yaitali atatembenukira kumapiri, mapewa akugwedezeka. Mayi Esnat anameza mawu awo onse, n'kutulutsa mandasi.

Anabwerera tsiku lotsatira, galimoto yawo itakwezedwa pamsana pa inzake. A Sosten anafotokozera aliyense kuti anangopita kukaona njira, ndipo palibe wapaulendo weniweni amene sanatayepo ngolo. A Rex anakana kubweza sofa, ati mphatso ya anthu a ku Oregon sibwezedwa, mpaka abusa analowererapo. Lolemba m'mawa a Sosten anaona akazi awo atavala yunifomu.

"Kodi simunatsanzike kuntchito?"

"Ndinapempha tchuthi cha mlungu umodzi."

A Sosten anawayang'ana. Kenako anawaperekeza kokwerera basi. Nawonso a Sosten ntchito yawo anawabwezera, chifukwa okalamba aja anakana kukwera galimoto ya dalaivala wosalankhula.

Za Oregon sanasiye, koma miyendo yawo inapeza njira ina. Aliyense wochokera kumudzi, kaya wachibale kaya ayi, ankachingamiridwa ndi a Sosten ku bwalo la ndege la Dulles. Ankamugoneka pabalaza, kumuphunzitsa mabasi, kumusonyeza kogula ufa, n'kumuuza kuti chisanu choyamba chimaliza aliyense koma sichipha. Anamwino ambiri amene lero ali ndi nyumba zawo anayambira pabalaza pamenepo, akumvetsera za ngolo ndi ng'ombe mpaka tulo.

Mu 1999 a Sosten anagwa ali kuntchito, magazi atathamanga kwambiri. Kuchipatala lilime linali lolemera, ndipo mayi Esnat ankachita kuwerama kuti amve.

"Esnat, sikuti ndinkafuna Oregon," anatero. "Ndinkafuna khomo loti ndikatsegula, phazi liponde dothi. Zaka zonsezi ndagona m'mwamba ngati mleme."

Anamwalira patangopita masiku ochepa, ndipo thupi lawo linakaikidwa kwawo ku Ntcheu.

Silver Spring sinasinthe, mabasi ndi omwewo, koma maphwando a Amalawi anayamba kutha dzuwa likadalipo. Anthu amadya, amakambirana za mashifiti ndi mapepala, kenako wina amayang'ana wotchi. A Rex amakhala pakona mbale ili pamwendo, ndipo nthabwala zawo zilibenso pogwera. Mayi Esnat amati chimene chimawavuta si zithunzi kapena zovala. Ndi pamene aona chinthu choseketsa m'basi, n'kuchisunga bwinobwino njira yonse, kuchikonza mmene akachiyambire, ndipo amakumbukira kuti wokamuuza kulibenso, kiyi ali kale pachitseko.