Tsiku Limene Bulaki Anauluka pa Lizulu

Inu mukuseka kumbuyoko, senderani kuno mundiuze pamaso kuti ndikunama! Ine Ndau wa kwa Champiti, munthu woti ndinakumba golide ku Joni, ndinganamize ana ngati inu?

Chaka chija cha mvula yambiri, mwana wanga Limbani atapeza mbeta, akuchikazi anati malowolo ake ndi nkhunzi yanga yakuda, Bulaki, ifike Loweruka ili yamoyo, apo ayi mtsikanayo amupereka kwa mnyamata wina wa lole ya mbatatesi. Ndiye Lachisanu m'mawa Bulaki osathyola khola n'kukalowa m'munda wa nyemba zanthete, mame ali chonchi? Anadya, anadya, mimba n'kuyamba kutupa, ine kumumwetsa mafuta ophikira botolo lathunthu koma ayi ndithu, inangotupirabe mpaka kuposa nkhokwe, ziboda n'kuchoka pansi, chingwe cha m'khosi mwake chili m'manja mwangamu, ndipo pomwe ndimati ndiitane anthu ndinangoona denga la tchalitchi lili kunsi kwa mapazi anga. Mukumva?

Mphepo inatikankhira ku Lizulu, amayi a kabichi kubalalika, maminibasi kuima, asilikali a mbali ya Mozambique kukuwa kuti nditsike ndionetse chiphaso cha ng'ombe, ine n'kuwayankha ndili m'mwamba momwemo kuti malire awo ndi apansi! Koma kunena zoona mantha anandigwira, poti ng'ombeyi ikanaphulika mwana wanga akanakalamba wosakwatira.

Ndinakwera chingwe chija ndi mano, n'kukhala pamsana, n'kusolola kampeni kanga, n'kubaya kumanzere kuseri kwa nthiti, paja pamabooledwa ng'ombe yotupa. Abale, mpweya wake! Unazula mbatatesi m'minda yonse ya kumapiriko n'kukazithira m'matumba pamsika zosankhidwa kale, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha, ife tikuuluka chafutambuyo, akhwangwala akutipatukira, mpaka phi! m'khola la akuchikazi, Bulaki akubzikula ngati palibe chachitika. Apongozi a Limbani anangovula chipewa. Mukumva inu?

Ukwati unachitika, mdzukulu wanga ndi uyo akukwawa apoyo. Tsono mukapita kuseriko, amake Limbani akakuuzani kuti anabaya ng'ombeyo ndi alangizi a ziweto, ine nditakomoka pakhomo pa khola atangotulutsa mpeni. Musawamvere amenewo. Iwo anali pansi, za m'mwamba angazidziwe bwanji?