Tsiku limene ngolo yathu inapikisana ndi ndege

Mpaka lero kwathu munthu akandifunsa nthawi yonyamukira, ena amayamba kuseka ndisanayankhe. Zonsezi zinayamba ndi ulusi.

Ndinali Fomu 2, ndili pa holide, pamene uthenga unafika woti a Gondwe, amene ankafuna kukwatira achemwali anga, akubwera kudzaonekera kwa makolo. Ankagwira ntchito ya zaulimi ku Mzuzu, ndipo anapeza malo m'kandege kobwera ku Kasungu Loweruka m'mawa.

Bambo anasiya kusoka fodya. "Mlendo wotsika kumwamba sangadzibweretse yekha, angatiyese anthu opanda ulemu. Tikamutenga pa ngolo. Iwe wa sekondale, tinyamuke nthawi yanji?"

Ndinatulutsa mapu ndi ulusi monga anatiphunzitsira kusukulu. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Kasungu, ulusi unadutsa chikhatho changa. Kuchoka kwathu, njira ya ku Chamama, kufika pa Boma, sunakwane ndi chikhadabo chomwe.

"Bambo, iwo ali kutali, ife tili pafupi. Tikanyamuka nthawi imodzi, odikira tikhala ife."

"Koma ndege si imathamanga?" anafunsa amayi.

"Amayi, ndayeza."

(Za liwiro tinali tisanaphunzire. Kapena anaphunzitsa ndikudwala malungo, sindikudziwa.)

Loweruka tinasesa ngolo, tinayalamo mphasa yatsopano ndi kuikamo mpando wa mlendo. Ng'ombe zathu zinazolowera kututa fodya, choncho zinkaima pa chigafa chilichonse. Kenako anyamata a chipani anatiimitsa kuti aone makhadi a chipani, ndipo titafufuza nthawi yaitali, khadi ya bambo inakapezeka m'chipewa. Tili pomwepo, kanthu kanalira m'mwamba.

"Si imeneyo?"

"Ayi bambo, ina imeneyo. Yathu idakali cha ku Mzimba."

Masana tinapatukira thirakitala. Kumbuyo kwake, pa matumba a feteleza, panakhala munthu wovala suti, wofiira ndi fumbi, atakumbatira sutikesi. Anatikwezera dzanja mwaulemu. Bambo anaseka mokweza: "Taona misala inayi! Suti pa feteleza!"

Pabwalo la ndege tinapeza udzu ndi mlonda basi.

"Ndege? Inatera kalekale, inabwereranso. Mlendo wanu anaima apa mpaka kutopa. Wakwera thirakitala."

Bambo anayang'ana mpando uja, kenako ine. "Khalapo iweyo, mwini ulusi."

Ndinabwerera nditakhala pamenepo ngati mkwatibwi njira yonse. Kunyumba tinapeza a Gondwe atavula jekete, akusoka fodya ndi amayi m'chigafa, achemwali atabisala kuseri kwa nkhokwe ndi manyazi.

"Monire, adada," anatero a Gondwe atagwada. "Tinaonana pamsewu paja. Ndine wa suti pa feteleza."

Bambo anatsokomola nthawi yaitali.

Ukwati unachitika, mwamwayi. Alamu anga andifotokozera kangapo kuti nkhani ndi liwiro, ndipo ndimavomera. Koma ndinakayezanso ndi ulusi wina, ndipo ku Mzuzu kudakali kutali.