Famu Yopanda Khasu

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Iwo amadziwa kuti chipsera cha pabondo langali ndinachipeza nditaterereka m'bafa. Asiyeni adziwe zomwezo.

Inali nthawi ya korona, ndikugwira ntchito yonyamula katundu padoko la Jebel Ali ku Dubai. Ntchito inali itachepa, ndipo kampani inayamba kuchotsa anthu, kuyambira ife a imvi. M'mawa wina bwana wathu, Mmwenye wolankhula mothamanga, anatiimika pamzere motalikirana nafunsa funso m'Chingerezi, masiki ili kukamwa. Ine Chingerezi ndinachiphunzira kusukulu ya kwacha ndili kale ndi ana, ndiye chikadutsa pansalu chimandipeza chitapunduka. Ndinangotolapo liwu limodzi: famu.

Famu! Ine wokulira m'fodya ku Kasungu, amene ndinasiya munda wa malemu bambo ukumera tsekera (umandibwererabe m'maloto), lero Dubai akufuna mlimi? Mkono unakwera wokha.

"Unagwirapo nthawi yaitali bwanji?" anafunsa bwana.

"Chibadwire, bwana!"

"Yalla, tiyeni nazo, mawa chingwe ugwira ndiwe."

Tembo, mnzanga wa ku Chipata, anandikoka malaya. "Amdala, muziba vamene mwavomera?"

"Khala chete iwe. Khasu unaligwirapo?"

Ndinagona ndikuseka ndekha. Kutacha ndinapisa dzanja m'sutikesi n'kutulutsa nthanga za maungu zimene ndinachoka nazo kumudzi, n'kuzithira m'thumba la ovolosi. Mlimi sapita kumunda chimanjamanja.

Basi ya kampani inatitsitsa kumapeto kwa doko, pamchenga wokhawokha. Pamenepo panagona chinthu choyera, chachitali ngati mlatho, chosongoka kunsonga.

"Pulawo yake ndi imeneyi?" ndinanong'oneza Tembo. "Nanga ng'ombe zake zikhala zotani?"

Tembo anakhala pansi ndi phwete. Atapuma anandifotokozera kuti limenelo ndi phiko la makina opanga magetsi ndi mphepo. Makinawo amawaimika ambirimbiri pamalo amodzi, ndipo malowo ndi amene amawatcha famu ya mphepo. Ntchito yathu inali kukweza mapikowo pagalimoto yaitali, apite kukamangidwa. Kireni ikanyamula phiko, wa chingwe amaliwongolera kuti lisazungulire.

Apa munthu wanzeru akanaulula. Koma ndinakumbukira a imvi anzanga amene anali atakwezedwa kale ndege, ndipo ndinafutukula chifuwa.

"Katswiri," anatero bwana, "mphepoyi ukuiona bwanji?"

Kachipangizo koyezera mphepo anali nako m'manja, amangofuna kundilemekeza. Ine ndinatsitsa masiki, kunyambita chala (chowawa ndi sanitaiza!), n'kuchiloza kumwamba. Nthawi ya korona, munthu kunyambita chala pagulu! Onse anabwerera m'mbuyo ngati ndasolola njoka.

"Ili bwino, bwana. Ndi ya mvula, koma ichedwa."

Bwana anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakodola wa kireni.

Phiko linanyamuka. Ndinakulunga chingwe kumkono monga timachitira ndi ng'ombe yaliuma. Kamphepo kanabwera kuchokera kunyanja, phiko linatembenuka mwaulemu, ndipo ine ndinayamba kulitsatira. Poyamba ndinkayenda. Kenako ndinkathamanga. Kenako bondo linkalima mzere pamchenga, wowongoka bwino ndithu.

"Hoo! Ima! Hoo!" ndinalikalipira. Phiko silimva Chichewa.

"Tayani ntambo, amdala!" anakuwa Tembo.

"Mlimi sataya chingwe!"

Mapazi anasiyana ndi dziko. Nsapato imodzi inatsala pansi, chisoti chinagubuduka, ndipo nthanga zinayamba kugwa m'thumba, waa, pamitu ya anthu. Kunena zoona, kumwambako ndinaona doko lonse, ndi lokongola.

Wa kireni ananditsitsa pang'onopang'ono ngati dzira. Bwana anathamangira kaye kukaona phiko (silinakalike n'komwe), kenako anabwera kwa ine. Anatola nthanga imodzi, kuitembenuza. Mumtima ndinayamba kulongedza sutikesi.

"Famu yakoyo inali ya chiyani?"

"Fodya, bwana. Ndi maungu m'mphepete."

Mapewa a bwana anayamba kugwedezeka ndi kuseka, magalasi awo anachita nthunzi, mpaka anatsamira galimoto.

"Khalas, basi! Chingwe usadzachikhudzenso. Kuyambira mawa ukhala pageti, uziyeza anthu kutentha kwa thupi. Ndipo chalacho chizikhala kunja kwa kamwa."

Ntchito inapulumuka motero. Tembo akuti phunziro lake n'lakuti munthu azifunsa asanakweze mkono. Mwina akunena zoona.

M'mawa mwake ndinalawira basi yoyamba, ndikutsimphina. Kuseri kwa kanyumba ka pageti, pamene makina oziziritsa mpweya amadonthezera madzi, ndinakumba timaenje ndi supuni, n'kubzala nthanga zimene zinatsala m'thumba.