Lole Yodya Mazira

Nzeru yonseyi inabadwira pa kachasu kwa mayi Anna ku Senga Bay, ndipo mwini wake anali Lawson, amene ankafuna kuti dziko lonse lizimutcha Injiniya. Uinjiniya wakewo unali wa sabata imodzi yokha, pamene ankanyamulira masipanala makaniko wina ku Salima asanamuthamangitse. Anthu ankamuseka, ndipo zinkamuwawa koopsa.

"Lole ya a Idi ija, yonyamula usipa," anatero Lawson. "Lachisanu masana onse amakhala mu mzikiti. Tikaikankha, tiiliza, dzuwa lisanalowe tili ku Chitala. Wogula alipo kale."

Mose, wotchedwa Chimimba, anavomera kukamwa kuli kodzaza. Robert, amene ankamuti Mphepo chifukwa cha liwiro lake pothawa, anakayika.

"Ija imawira ngati ketulo, aise."

"Chinsinsi chake ndinachiona ndi maso angawa," anayankha Lawson. "Akuluwa amaswera dzira mu rediyeta. Imadya mazira galimoto ija! Iwo ndi oumira, amaipatsa limodzi. Ife tiipatsa khumi ndi awiri, ithamange ngati sitima."

Zoonadi a Idi ankaswera dzira, koma m'madzi odzaza, kuti likapsa litseke kabowo kodontha. Ndipo Lachisanu limenelo anali atakhetsa madzi onse kuti amate bowolo bwinobwino. Mawaya a nyali zakutsogolo, zimene zinali zitakana kuyaka mwezi wathunthu, anawasiya ali lendelende nthawi ya mapemphero a swala itakwana.

Chimimba anaba mazira m'khola la mayi Salma, akazi awo a Idi. Pofika pa lole anali atatsala khumi, awiri atamwa. Lawson anawaswera onse m'rediyeta youma gwaa, nati madzi ndi a anthu osadziwa ntchito.

Anaikankha mpaka kumsewu, anapukusa handulo, injini n'kulira. Anaimba nyimbo anyamatawo! Koma atangopitirira mlambe wa kumapeto kwa mudzi, kutsogolo kunayamba kufuka utsi wonunkha mazira opserera. Lole inatsokomola kawiri, n'kuima.

"Yakhuta, ikungogeya," anatero Lawson, nakoka kabatani koyamba kamene dzanja lake linapeza.

Kanali ka nyali. Mawaya osavala aja anali atakhudzana ndi wa hutala, ndipo hutala inalira osalekeza, mpaka mbuzi zinadula zingwe. Mphepo anasonyeza kumene dzina lake linachokera. Chimimba anamutsatira akupuma ngati ng'ombe.

Lawson anatsegula boneti, anazula waya wina, naupotera pa unzake mwachisawawa. Hutala inangoti zii. Pomwepo nyali ziwiri zija zinayaka, masana dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi yothawa inalipo, bango linali pafupi. Koma akathawa, ndani akanadziwa? Munthu wosekedwa zaka zonsezo anaima pambali pa nyalizo, manja ali m'chiuno, kudikira mboni.

Mboni zinabweradi, mzikiti wonse, mikanjo ikuuluka. A Idi anafika patsogolo, ananunkhiza utsi, nkhope n'kugwa. Kenaka anaona nyali.

"Mashallah! Wayatsa ndani?"

"Ine, bambo, ine ndekha!" anatero Lawson. "Musawawerengere Mose ndi Robert, iwo anangokankha."

Motero awiri aja anawatenga m'bango tsiku lomwelo.

Wapolisi atafika panjinga, anapeza a Idi akukokota mazira mu rediyeta ndi kawaya, akung'ung'udza. Anatulutsa kabuku.

"Dzina?"

"Lawson."

"Ntchito?"

 Lawson anangoyang'ana a Idi ndi maso opempha. Mkuluyo anayang'ana kawaya kake kodzaza mazira, anayang'ana nyali zimene zinali zikuyakabe, nausa moyo.

"Lembani kuti Injiniya."

Kukhoti anamupatsa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuno sitinaonepo munthu wopita kundende akumwetulira chotero.