Eyakoni ya Bambo

Lolemba
Dzuwa la Okutobala, eee! Lamulungu ndikuperekeza Amayi kutchalitchi ku Kapelula pa pikapu ya malemu Bambo. Sanakweremo chiwaikireni m'manda. Ndikufuna akwere mukuzizira ngati kale pochokera ku okushoni ya fodya: magalasi otseka, Bambo ali m'jekete, ine pakati, miyendo ili zii. Eyakoni ndikonza ndekha!

Lachiwiri
Ndagula ku boma: kachitini ka gasi, kapaipi, kawotchi kopimira. Wogulitsa akuti, "Achimwene, n'chimodzimodzi kupopa njinga." Vidiyo ya pafoni ndaonera kanayi. Mphunzitsi wathunthu ngati ine, chingandikanike n'chiyani?

Lachitatu
Polumikiza paipi sipakuoneka. Ndalowetsa pomwe yalola. Psiii! Gasi yense wathawira kuchigafa, nkhuku balala. Chala chachita dzanzi. Amayi ali pakhonde, akuswa mtedza.

Lachinayi
Ndamasula dashibodi. Ndapezamo chisa cha makoswe, masamba awiri a fodya, kaseti ya kwaya, ndi chiguduli chowola chopachikidwa potulukira mpweya. Fungo la m'menemo ndi Bambo enieni. Ndakhala kaye pansi, ndalira. Chigudulicho ndataya kudzala.

Lachisanu
Kachitini kachiwiri. Ndaitana a Phiri, makaniko wa ku Lisasadzi. Asuzumira mu injini, aseka mpaka kutsamira tayala. "Aphunzitsi, gasiyo mukuthira pati? Galimoto iyi sinabadwe ndi eyakoni." Bodza! Ine ndinkazizidwa m'menemu!

Loweruka
Ndafunsa Amayi. Akuti, "Chiguduli wataya chija ndiye eyakoni ya bambo ako. Ankachinyowetsa pamjigo ngati pofewetsa fodya, n'kuyatsa fani. Magalasi ankatseka kuti anthu aziti tili ndi eyakoni, fodya wayenda bwino. Iwe unkazizidwa miyendo, ife tinkapsa." Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama nayo kwa anzanga. Manyazi!

Lamulungu
Ndatenga chiguduli china kuchigafa, ndanyowetsa, ndapachika pomwe paja. Fani ikulira ngati chigayo. Pofika pamsika thukuta lili kamukamu. Ndagwira chotsitsira galasi, Amayi andimenya dzanja. "Tseka iwe, anthu akuona." Akweza dzanja kupatsa moni aliyense m'njira, monga ankachitira Bambo, duku litanyoweratu. Basi, tipita choncho. Pakati pathu, pamalo panga pakale, pakuzizira bwinobwino, koma palibe wokhalapo.